Mphanda ya mayi wa ku esiteti

Tinali gulu la odzipereka kwathu ku Chulu, osamalira odwala m'makomo nthawi imene matenda aja ankatha anthu. Kusambitsa, kuchapa zofunda, kuphika phala. Malipiro? Ayi ndithu, magolovesi basi, nawonso mwa apo ndi apo.

Pokumanira tinalibe, pansi pa mtengo mvula inkatibalalitsa. Nzeru inachokera kwa mayi wina wa ku esiteti ya fodya, mkazi wa tenanti, wakummwera. Anati timange chigafa ngati choyanikamo fodya, aliyense abwere ndi mphanda yake. Tinamangadi. Pamsonkhano aliyense ankatsamira mphanda yake, ndipo ukajomba, mphanda yako inkakuneneza. Iye anabwera ndi ya mlombwa wauwisi, ikudontha utomoni wofiira ngati magazi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuseka: "Amayi, mwatibweretsera mtengo kapena nyama?"

Anaseka nane, kenako anati: "Kuno ndilibe m'bale. Ndikadzagona, mudzandisambitse ndinu." Tonse tinavomera.

Ndiye kunabwera makuponi a feteleza. Ena m'gulumo analandira, ena ayi. Ine sindinalandire, ndipo zinandiwawa zedi. Ndizichapa zonyansa za mudzi wonse, dzina langa n'kusowa? Ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti ndasiya, ena angapo n'kuyamba kukutumula zitenje kuti anditsate. Mayi uja, amene ngati tenanti sankawerengedwa n'komwe pa za makuponi, anangoti: "Pitani bwino, amayi. Koma zulani mphanda yanu, musatisiyire."

Ine ndine munthu woopa? Ndinaigwira n'kuigwedeza. Denga lonse linalira, udzu ndi fumbi n'kumagwera pamitu pa anzanga. Wina anakuwa, "Mayo ine, mutipha!" Tinaseka mpaka misozi. Ndinakhala pansi, ndipo za kusiya sizinamvekenso. Olandira aja anatapako feteleza ndi mbale, tinathira m'munda umene tinkalimira odwala.

Nyengo yosankha fodya mayiyo anayamba kutsokomola. Ankati ndi fumbi la fodya, koma ife maso athu anali ataona zambiri. Anaonda, mphanda yake n'kumakhala yokha. Tinkapita ku esiteti mosinthana, ndipo nthawi zonse ankatiuza kuti akadali ndi mphamvu zosamba yekha, tisunge sopo.

Msika wa fodya utatsekedwa, tinamva kuti wagonadi, sakuthanso kudzuka pamphasa. M'mawa mwake tinanyamuka tonse, ndowa pamutu, sopo m'manja. Tinapeza khumbi lake lili pululu, phulusa likadali lofunda. Mlonda anati bwana wakweza matenanti onse pa lole, mayiyo anachita kumunyamula n'kumugoneka pa katundu. Tinafunsa dzina la mudzi wake. Mlonda sankalidziwa. Ifenso, zaka zonsezo, tinkangoti wakummwera.

Tinabwerera ndi ndowa zathu. Mpaka lero sindidziwa ngati anafika wamoyo, kapena amene anamusambitsa, ndipo zimandidya mumtima.

Chigafa chinagwa kalekale, mphanda zathu zonse chiswe chinadya. Yake yokha inaphuka, pano ndi mtengo wamthunzi m'mbali mwa njira ya kumunda. Ana opulupudza amautema ndi zikwanje kuti aone zofiirazo. Ndimawakalipira mpaka mawu kusasa. Akathawa, ndimatunga madzi m'ndowa, n'kukautsuka pabalapo.