Jekete ya Buluu ya a Tu Genfa

A Tu Genfa satha kukhala pampando. Akakhala, mwendo umayamba kugwedera, kenako basi anyamuka. Ndikudziwa bwino chifukwa sitolo yanga ya mabatani yayang'anizana ndi yawo mu msika wa majuzi kuno ku Puyuan, ndipo ndakhala ndikuwaona zaka khumi ndi zinayi. Tonse timawatchula kuti Lao Tu, monga timaitanira munthu wamkulu amene tamuzolowera.

Anagwira ntchito yokonza makina oluka majuzi pa fakitale ina kwa zaka makumi atatu. Atapuma pa ntchito, mavuto anagwera ife anzawo a mu msika. Ankakonza chilichonse, ngakhale chosaonongeka. Fani yanga anaimasula kawiri ili bwinobwino. Njinga yamagetsi ukaiimika pafupi ndi khomo lawo, pobwera umapeza aigwadira, sipanala ili m'manja.

Akazi awo, a Shen Caidi, ndi amene amayendetsa sitolo. Amagulitsa majuzi ndi majekete a abambo achikulire, ena pakhomo, koma ambiri pa msika wa pa intaneti. Kale ankalipira anyamata ojambulitsa zovala, n'kumawapaka imvi zabodza, koma ogula sankakopeka. Tsiku lina a Caidi anatopa ndi kuzungulirazungulira kwa amuna awo.

"Nkhalamba iwe, tavala juzi ili. Ima apo. Usagwedezeke!"

"Ndiime ngati chipilala chifukwa chani?"

"Chifukwa ukandimasuliranso ketulo ndikuthamangitsa."

Umu ndi mmene a Tu anayambira kujambulitsa zovala ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu ziwiri. Mmawa uliwonse ankapita awiriwo pa kamlatho ka ngalande kuseri kwa msika, a Caidi n'kumajambula ndi foni. Malonda anayenda. Ogula ankalemba kuti mkuluyu akufanana ndi bambo awo, kamimba kake, mapewa ake, zonse. A Tu ankati zimenezo n'zachibwana, koma tinaona kuti ayamba kuyenda ndi chipeso m'thumba.

Chaka chatha anabweretsa jekete ya buluu wodera, ya kolala yoimirira, ya mabatani ansalu omanga mfundo. Mabataniwo ndinamanga ndine. Tsiku lojambula kunali dzuwa lowala kwambiri, moti pachithunzicho a Tu anatsitsa maso, ndipo posowa poika manja anawasanjikiza pamimba. A Caidi anati chatuluka bwino, anachiika pa intaneti.

Patapita miyezi isanu, mmawa wina, mlongo wawo wamng'ono wa a Tu, dzina lake Xingmei, anatulukira pa njinga yamagetsi atatupa maso. Anawapeza a Tu akumwa phala la mpunga pakhomo la sitolo, ali chiimire monga mwa masiku onse.

"Achimwene, mukudwala chiyani chimene mukutibisira?"

"Ndikudwala? Ine?"

"Musandinamize. Dokotala wati mwatsala ndi miyezi ingati?"

Ndinasiya ntchito yanga n'kuwolokera komweko. Xingmei anatulutsa foni. Apongozi ake aamuna ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo banja linagwirizana zowagulira zovala za m'bokosi la maliro zikhaliretu, monga timachitira. Pofufuza pa intaneti anapeza sitolo yogulitsa zovala zoveka akufa, ndipo pamwamba penipeni panali achimwene ake. Jekete yomwe ija, maso otsitsa, manja pamimba. Kamlatho anakachotsa, kumbuyo anaikako maluwa oyera a maliro. Pansi analemba kuti: Agone mwaulemu, apite mu mtendere.

A Tu anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika mbale pansi, analavula katatu kumbali kuchotsa tsoka, n'kufuula dzina la akazi awo.

A Caidi anafufuza tsiku lonse mpaka anapeza pamene panagona nkhani. Pa tsamba la ogulitsa pali kabokosi kena kakang'ono. Ukachongamo, umalola kuti zithunzi zako zilowe mu nkhokwe ya msikawo, ndipo aliyense wogulitsa katundu wofanana atha kutengamo. A Caidi anachongamo okha chaka chapitacho, chifukwa uthenga wa msikawo unkati ochonga katundu wawo adzaoneka kwa anthu ambiri.

"Ndiye unandigulitsa," anatero a Tu.

"Ndinkadziwa bwanji? Aliyense mu msewu uno anachonga. Funsa Ah Ju."

Ah Ju ndi ine, ndipo zinali zoona, nanenso ndinachonga. Koma zithunzi zanga n'za mabatani, batani lilibe mlongo woti alire.

"Nkhope ndi yanga," anatero a Tu.

"Foni ndi yanga, sitolo ndi yanga, jekete ndi yanga. Iwe unangoima."

"Ndinangoima? Ukudziwa kuvuta kwake kuima?"

A Caidi anafufuta chongacho nthawi yomweyo, natumiza dandaulo. Yankho linabwera msanga, lolembedwa mwaulemu kwambiri. Linati kuyambira tsopano palibe amene adzatengenso zithunzi zawo, koma amene anatenga chilolezo chilipo sanalakwe. Ngati mwini nkhope akudandaula, atumize chithunzi chake atagwira chiphaso cha nzika pafupi ndi tsaya, ndipo adikire masiku asanu ndi awiri. Ndinawajambula ndine. Anatong'ola maso kuti ena asanenenso kuti afa.

Masiku asanu ndi awiri kwa a Tu ndi chaka. Anaphunzira kufufuza ndi chithunzi: umaika chithunzi chako, foni n'kukuonetsa kulikonse kumene chili. Anadzipeza m'masitolo khumi ndi imodzi. Asanu ndi atatu ankagulitsa jekete yofanana ndi yawo, yansalu yopyapyala. Atatu anali a zovala za akufa. Kudya kunawakanika. Ankayenda kuchoka pakhomo lawo kufika pakhomo langa, kubwerera, kubweranso, foni ili kumaso. Anthu onyamula makatoni ankachita kuwalambalala. Ndipo nkhani itamveka mu msika, achipongwe sanachedwe. Fang wogulitsa ulusi akawaona ankavula chipewa n'kuwerama katatu.

"Lao Tu, mwadzuka? Kumandako kukuzizira bwanji?"

"Udzakaona wekha, chitsiru iwe. Ndakusungira malo."

Ankayankha choncho, koma tsiku lina masana anabwera kudzaima pafupi ndi tebulo langa n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ah Ju, bambo anga anamwalira ali ndi zaka zanga zomwezi. Ndinawaveka ndine. Manja ndinawaika chonchi."

Anandionetsa, kenako msangamsanga anabweza manja kumbuyo.

Tsiku lachinayi anaganiza zopita okha ku imodzi mwa masitolo a zovala za akufa aja. Sitolo ya pa intaneti sionetsa kumene ili, choncho anaitanitsa kanthu kotchipa, sokosi zoveka mtembo, kuti aone adiresi pa phukusi. A Caidi anakana kuti phukusi lotere lilowe m'sitolo mwawo, ndiye linatsegulidwira kwa ine, ngati kuti ine tsoka silindidziwa. Adiresi inali ya tauni ina kutsidya kwa mtsinje wa Yangtze, ulendo wa maola anayi pa basi. Mmawa mwake anatulukira atavala jekete ya buluu ija.

"Vula imeneyo!" anatero a Caidi.

"Ayi. Akandione bwino."

"Ukakomoketsa munthu usandiimbire foni."

Zimene zinachitika kumeneko anatifotokozera okha, kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse nkhani imatalikirako. Ndinena zimene sizisintha. Sitoloyo inali kansewu kakang'ono kuseri kwa chipatala, pakati pa ogulitsa nkhata za maluwa. Mkati munali mayi wachikulire, a Kuang, akusoka pa makina. Pakhoma anapachika chithunzi chomwe chija, chachikulu ngati chitseko. Mayiyo atadzutsa mutu anaona munthu wa pakhoma ataima pakhomo. Anakuwa, nagwetsa sizasi, nathawira kuseri kwa mulu wa nsalu.

"Achemwali, tulukani. Ndine wamoyo. Ndabwera pa basi."

Mayiyo anasuzumira. "Mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna mundichotse pakhomapo, ndi pa intaneti pomwe."

Mtima utakhala pansi anawapatsa mpando, koma a Tu sanakhale. A Kuang anafotokoza kuti za pa intaneti amayendetsa ndi mpongozi wawo, ndipo chithunzicho anachitenga mu nkhokwe ya msika, sanabe. Iwo ankayesa kuti nkhopeyo ndi yopangidwa pa kompyuta.

"Achimwene, mundimvetse. Ndani angalole kujambulitsa zovala ngati izi? Zaka zonsezi ndakhala ndikuveka chidole cha pulasitiki chopanda mutu. Anthu amabwera kuno akuchokera m'chipatalamo, akunjenjemera, ndiye aone chidole chopanda mutu? Chibwerere chithunzi chanu, amaima n'kuyang'ana, amati bambo athu akaoneke chonchi. Nkhope yanu ili ndi mtendere."

"Mtendere wake uti? Linali dzuwa! Ndipo nsapato inkandithina!"

Mayiyo anaseka mpaka misozi, kenako anapepesa. Anaimbira mpongozi wake, ndipo a Tu anaonerera pa foni chithunzicho chikuchotsedwa. Cha pakhoma anachitsitsa okha, nachipinda n'kuchiika m'chikwama. Ali pafupi kutuluka anamva kulira kwa makina osokera aja, ndipo anadziwa kuti akudumpha ulusi. Anavula jekete, napempha sikuludiraiva. Basi ya masana inawasiya, anakwera yotsatira. A Kuang anafuna kuwapatsa nsapato zansalu za m'sitolomo, zoveka akufa, ngati zikomo, a Tu anati asayerekeze, ndipo analandira malalanje.

Anabwera akuyenda ngati apambana mlandu. Koma sabata isanathe zinaoneka kuti sizinathe. Masitolo ena awiri a zovala za akufa sanatenge chithunzicho mu nkhokwe, anangokopera kwa a Kuang, maluwa ndi mawu omwe. Msika unayankha dandaulo lija n'kuchotsa chimodzi. Chinacho chinasowa chokha, patapita masiku chinatulukira pa sitolo ya dzina lina. Dandaulo lililonse limafuna chithunzi chatsopano cha chiphaso pa tsaya. M'foni mwanga muli zithunzi zotere zoposa makumi awiri.

A Caidi tsopano amalemba dzina la sitolo pa chithunzi chilichonse, zilembo zazikulu kudutsa pachifuwa, poti munthu sangazidule osadula jekete. Anapita kwa ogulitsa onse a mu msewu wathu kukawaonetsa kabokosi kaja. Ena anafufuta, ena anati malonda angatsike, anasiya. A Tu akujambulitsabe, koma sakulola kutsitsa maso kapena kusanjikiza manja. Pa zithunzi za chaka chino aimika chala chachikulu m'mwamba, maso ali tong'o, ngati munthu amene waona moto. A Caidi amati akuthawitsa ogula. Amakangana pa kamlatho paja mmawa uliwonse, mawu amamveka mpaka kwa ine.

Mwezi watha kunabwera uthenga ku sitolo yawo. Munthu wina wa ku chigawo cha Anhui analemba kuti bambo ake akudwala kwambiri, ndipo akudziwa kuti sachira. Bambowo anaona chithunzi chija pa sitolo ya za maliro, nasankha okha jekete imeneyo. Koma itafika inali yopepuka ngati pepala, yosafanana ndi ya pachithunzi, ndipo mkuluyo anakhumudwa. Mwanayo anafufuza mpaka anapeza eni ake enieni. Anafunsa ngati angamugulitse yeniyeniyo, ngakhale akudziwa ntchito imene ikagwire.

"Muuze kuti yatha," anatero a Caidi. "Ife sitigulitsa za m'manda."

A Tu anayenda kufika kumapeto kwa msewu, anabwerera, anapitanso. Ulendo wachitatu analowa m'sitolo, nafunsa saizi ya mkuluyo, natsitsa majekete anayi pa shelefu. Anawatembenuza onse kuona msoko, nasankha imodzi. Anaisita okha, anaipinda, naikulunga m'pepala lofiira osati loyera la maliro, popeza mwini wake anali asanafe. A Caidi anangoyang'ana, kenako anasindikiza adiresi.

Ndinaganiza kuti mwina tsopano apuma. Koma dzulo mmawa, ndisanatsegule n'komwe chitseko chachitsulo, ndinawapeza akundidikira, foni ili m'manja. Anali atadzipezanso pa msika wina wa kunja kwa dziko, zilembo zake zopindikapindika zoti palibe wa ife angawerenge. Jekete anaisintha mtundu, yakhala yobiriwira.

"Ah Ju, mwana wako uja anaphunzira zinenero. Tamutumizire. Afunse kuti kumeneko ndikugulitsa chiyani, ndipo ndili moyo kapena ayi."

Ndinati ndimutumizira ndikamwa tiyi. Anati adikira, n'kuyamba kugwedeza chitseko changa kuti amve ngati chikulira.