Supu wozizira wa a Telala

A Telala a pakona paja ndi munthu wofatsa, bola musawaputire supu wawo. Dzuwa likayamba kuswa mtengo amavundikira makina osokera n'kuyamba kusenda mango ndi mapapaya. Amanyenya zonse ndi foloko, kufinyiramo mandimu, kuponyamo tizidutswa ta chinanazi, kenako poto yense m'firiji. Ukanena kuti ndi juwisi amakulanda mbale. "Juwisi ndi wa ana. Uyu ndi supu, gwira supuni!" Ukafunsa ngati anafikako pamoto amakuyang'ana ngati wawatukwanira mayi awo. "Wotenthetsa supu ameneyu asadzapondenso pakhomo panga."

Komatu a Telala ali ndi pofookera: mayi wina wamasiye wogulitsa mabatani, amene akhala akumufuna mwakachetechete. Tsiku lina kutatentha koopsa anamutumizira poto wodzaza ndi supu uja kuti supuyo awalankhulire, ndipo masana anapitako atavala jekete kukamva yankho.

Anapeza poto uja akubwata pasitovu, nyumba yonse fungo la anyezi lokhalokha.

"Mwandimvetsa chisoni, bambo," anatero mayiyo. "Kusowa mkazi mpaka kumadya zosaphika? Ndi mchere womwe munaiwala. Ndakonza, khalani pansi."

A Telala anayang'ana mango awo akuyandama m'mafuta, anayang'ananso mayiyo, thukuta lili kamukamu. Anatunga supuni imodzi, kuuzira, n'kumeza atatsinzina.

"Bwanji, wakoma?"

"Mayi," anayankha a Telala, misozi ili lengelenge, akupereka mbale kuti awawonjezere, "zaka zonsezi ineyo ndimaphonya anyezi."