Ufa Wofiira wa ku Joni

Chaka chimene chimanga chathu chinapsa ndi dzuwa ku Kanakantapa, ndinauza mkazi wanga, amake Tisa, kuti ndikupita ku Joni. Msuweni wanga anali atandipezera ntchito pa kampani ina yopenta zitsulo za galimoto. Amake Tisa anangofunsa kuti, "Muzabwela liti?"

Penti ya kumeneko si yamadzi, ndi ufa. Tinkapachika marimu ndi mabampa m'mwamba, kuwapopera ufawo ndi mfuti yamagetsi, kenako kuwalowetsa mu uvuni waukulu ngati chipinda. Ankatuluka akuwala, oti dzimbiri silingawagwire. Ntchitoyo ndinaikonda. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo kunyumba anatsegula dimba la matimati.

Masiki anatipatsa imodzi yokha, ikatha uzionere wekha. Ine ndinkati bola ndalamayo ipite kwa ana. Patatha miyezi ingapo ndinayamba kutsokomola. Tsiku lina titapenta marimu ofiira, ndinalavula makhololo ofiira. Ndinawayang'anitsitsa, osadziwa ngati ndi ufa kapena magazi. Kuchipatala ndinkaopa chifukwa mapepala anga okhalira m'dzikomo anali atatha. Mnzanga wa ku Mozambique, amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, anayamba kutsokomola chimodzimodzi. Popita kwawo anachita kumunyamula kuti akwere basi. Ndinatsala ndekha m'chipindamo, ndikumvetsera chifuwa changa chikulira.

Kunyumba ndinasiya kuimba foni. Ndinkangolemba mameseji kuti asamve mmene ndinkapumira. Mpaka lero ndikatsokomola ndimayamba ndayang'ana pansi kuti ndione zimene zatuluka.

Mmawa wina ndinalavulanso zofiira, chonsecho sabata yonseyo tinkapenta zakuda zokhazokha. Ndinalongedza tsiku lomwelo.

Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikangofika kwathu, mpweya wa kumunda undichiritsa. Ndinatsika minibasi masana, kunyumba kulibe munthu. Amake Tisa ndinawapeza kudimba, pampu ili kumsana, akupopera matimati, mphepo ikuwabwezera mankhwala kumaso. Pamphuno anali atangomanga kachidutswa ka chitenje. Manja awo anali osupukasupuka. Asanandipatse moni anatembenuka n'kutsokomola nthawi yaitali, atagwira mtengo.

"Chinayamba liti?" ndinawafunsa.

"Chaka chatha. Sininafune kuti muzivutika maganizo kuja, batate Tisa." Anapukuta pakamwa n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga imwe mwaonda bwanji chonchi?"

Nthawi yonseyo ndinkaganiza kuti wokhala pa zoopsa ndi ine ndekha, kwathu akungodikira ndalama. Mawa lake tinakwera minibasi tonse kupita kuchipatala ku Chongwe. Tinakhala pa benchi limodzi. Namwino atatuluka n'kufunsa kuti wodwala ndi ndani, tinayang'anana. Aliyense analoza mnzake.