Malegeni pa Paipi ya Fokolifiti

Pa shedi ya feteleza ku Chadiza, kumene ndinkasunga katundu, tinali ndi fokolifiti imodzi, kagalimoto kokweza matumba m'mwamba. Tsiku lina paipi yake ya mafuta idayamba kudontha. Oyendetsa ake, bambo a ku Zingalume okulira pa njinga, adaikulunga ndi malegeni, mphira zija timangira katundu pakaliyala.

Mpaka lero ndikakumbuka mtima umanditentha. Mafuta a m'paipimo ndiwo amagwira matumba akakwera, ndipo pafupi pake pamadutsa anthu onyamula katundu.

"Madala, malegeni adafikitsa nkhumba yamoyo ku Chipata," adatero oyendetsa aja akuseka nditawafunsa. "Ndiye alephere kapaipi?"

"Nkhumbayo sinali pamwamba pa mitu ya anthu," ndidayankha, kiyi wa fokolifitiyo n'kuika m'thumba.

Onyamula adandida, chifukwa adasenza matumba pamsana mpaka paipi yatsopano itabwera pa minibasi. Risiti lake ndikadali nalo. Titamasula malegeni, oyendetsa aja adaona kukula kwa mng'alu, kuseka konse kudatha.

Ndidapuma pantchito, koma ndikamadutsa pa shedipo m'mawa ndimawapeza oyendetsa aja atagwada, akupapasa mapaipi asanalize injini. Munthu akaima pansi pa matumba, amamukalipira kuposa momwe ine ndinkachitira.