Chona Amene Ankandilawira Mbale

Ine sindidya chakudya chophikidwa ndi dzanja la eni. Ndiyambe ndi zimenezi kuti owerenga asadzadabwe kutsogoloku. Ndili mtsikana, mkulu wanga anapita ku chinkhoswe kutsidya kwa mtsinje wa Likangala. Anadya, anavina, anabwera akuseka. Tsiku lachitatu mimba inali itatupa ngati ng'oma, lachinayi tinamuika m'manda. Kuchipatala ananena zawo zachizungu. Amayi anangoti anamudyetsa, ndipo anatikhazika pansi ife otsala n'kutilangiza kuti mbale ikachokera kunja kwa mpanda uziilandira ndi manja awiri, uzithokoza bwinobwino, koma pakamwa pako isayandikire. Langizo limenelo ndakula nalo, ndakalamba nalo. Pamaliro ndimati ndasala. Paukwati wa mdzukulu wanga weniweni ndinapita ndi nthochi zanga m'chikwama.

Nyumba yanga ili ku Sadzi, pamtunda pang'ono. Ndikakhala pakhonde ndimaona aliyense wokwera ndi wotsika, amayi osenza nkhuni zochokera kuphiri, anyamata a kabaza, ngakhale mwamuna amene walowa pakhomo posakhala pake. Bambo a ana anga anapita ku Joni kalekale, anatchona komweko. Ana anakula n'kubalalika. Ndinatsala ndekha ndi maso angawa.

Kuseri kwa mpanda wanga wa udzu kumakhala mayi wina wachiyao, Msilamu, wamasiye, amene amagulitsa mpunga ndi matemba a ku Chilwa mumsika waukulu. Atangosamukira kuno, sabata yoyamba yomwe, anayamba kudutsitsa mbale pamwamba pa mpanda. Ndinkalandira ndi manja awiri, kuthokoza, kukakhuthula kudzala, kutsuka mbale ija n'kuikamo mapeyala awiri poibweza, poti mbale sibwerera yopanda kanthu. Munthu wopatsa popanda chifukwa ndinkamuopa kuposa mbala. Mbala umadziwa chimene ikufuna. Mpanda uja unali ndi kabowo pafupi ndi nsanamira, ndipo sindibisa, ndinkasuzumirapo kuti ndione chimene akuthira mumphika.

Chona ndinamupeza chaka china mvula itagwa masiku anayi osalekeza. M'mawa itakata, ndinanyamula chimanga kupita kuchigayo. Pamlatho ndinapeza anthu ataima, akuloza pansi. Likangala anali atafiira ndi matope, ndipo m'bango munakodwa thumba la feteleza lomanga kukamwa ndi chingwe. Linkagwedezeka. Panalibe wofuna kulikhudza, poti thumba lomanga lopezeka mumtsinje ndani akudziwa amene walimanga ndi mawu amene walankhulirapo. Inenso ndikanadutsa. Ndine woyamba kudutsa pa zinthu zotere. Koma munatuluka kamawu, kakang'ono ngati kulira kwa chitseko chakutali, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinatula chimanga pamutu panga n'kunditsitsira m'matope muja.

Munali tiana ta mphaka titatu. Tiwiri tinali titauma kale. Kachitatu kanali ngati chitsononkho chonyowa, maso osatsegula bwino. Kuno anthu sapha mphaka ndi manja, amati n'tsoka, ndiye amamanga m'thumba kuti mtsinje uwasenzere tchimolo. Ndinakaika pachifuwa, mkati mwa bulauzi, n'kubwerera kunyumba chimanga chosagayitsa. Masabata awiri ndinkakayamwitsa mkaka ndi kansalu.

Dzina sindinamupatse, poti chimene wachipatsa dzina chimakupweteka chikachoka. Ndinkangoti chona, monga timatchulira mphaka kummwera kuno. Mwana wanga wamkazi atamva pafoni anaseka mpaka kutsokomola, ati amayi mwasowa mtchona mwapeza chona. Ndinamuuza kuti uyu bola, akatuluka amabwerako. Anthu a m'dera nawo anali ndi zawo zonena za nkhalamba yokhala yokha ndi mphaka. Ndinkawamva akamatsitsa mawu podutsa pakhomo panga. Sizinandidabwitse, chifukwa ine ndikanakhala iwo ndikananena zomwezo.

Tsopano ndinene chimene ndalembera zonsezi, chimene sindinauzepo ngakhale abusa.

Pa Idi ya chaka chimenecho aneba aja anadutsitsa mbale ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. M'nyumba mwanga munali ufa wokha ndi masamba a maungu. Fungo la nyama ija linadzaza nyumba yonse. Ndili panjira yopita kudzala, chona akundizungulira m'miyendo, nzeru ina inandibwerera, ndipo sinali nzeru yabwino. Ndinatapa pang'ono, kuika pachivundikiro, kumupatsa. Anadya. Ndinakhala pansi kumuyang'anitsitsa, kudikira kuti ndione ngati achite thovu kukamwa. Ndinadikira mpaka kumzikiti kutaitanidwa swala, pemphero lawo la masana, dzuwa litapendeka. Iye anali gone pamwala, akuwothera dzuwa. Ndinadya mpunga uja utazizira, mafuta atagwirana, ndipo unali wokoma kuposa chilichonse chimene ndinadyapo chaka chimenecho.

Zinakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Mbale ikabwera, woyamba anali iye. Ine ndinkadikira kuitana kwa kumzikiti, kenako n'kudya zozizira. Ndinamuchotsa m'madzi ndi manja anga, ndipo ndi manja omwewo ndinkamuika pakati pa ine ndi imfa kawiri kapena katatu pa sabata.

Chimene chimandisowetsa mawu n'chakuti iye ankabwera mchira uli m'mwamba. Ankandiyang'ana kaye m'maso, kudya, kunyambita dzanja lake n'kupukuta kumaso, kenako kukwera pamiyendo panga. Ankagona chagada, khosi lili pamtunda, malo amene nyama iliyonse imabisa. Ine ndinkaika dzanja panthiti zake kuti ndimve ngati mtima ukugunda bwino, ngati mpweya sukusintha. Iye ankayesa ndikumusisita, ndipo ankayamba kaphokoso kake ka m'khosi kaja, kokhala ngati chigayo cha kutsidya. Sindidziwa kuti chinali chaka chiti pamene kupima kuja kunasanduka kusisita kwenikweni. Ndinangozindikira tsiku lina kumzikiti kwaitanidwa kale, mbale ili pompo, ine dzanja likadali pa iye.

Ndinkamuyang'ana n'kumadzifunsa kuti kodi cholengedwa ichi chinaumbidwa ndi dothi lanji. Chinthu choyamba chimene anachidziwa cha munthu chinali dzanja lomanga chingwe. Anamva abale ake akuzizira pambali pake mumdima wa m'thumba. Ine mkulu wanga anafa kamodzi ndipo ndinatseka pakamwa moyo wanga wonse. Iye ankagona m'manja. Osati kuti anali wopusa, ayi. Pakuchenjera ankandiposa. Tikakhala pakhonde awiriwiri, khutu lake linkatembenuka munthu asanaonekere pakona. Galu wa eni ankamudziwa patali. Tsiku lina chona anaima nji patsogolo pa mtolo wa nkhuni umene ndinagula kwa amayi a kuphiri, ubweya utaima, osandilola kuyandikira, ndipo nditaugwedeza ndi mtengo munatuluka njoka. Ankayang'anira zonse monga ine. Koma akatha kuyang'anira ankatseka maso n'kugona tulo tenitenti, masana dzuwa likuswa mtengo, pabwalo poonekera. Gawo lachiwirilo ine sindinaliphunzirepo.

Anakalamba msanga kuposa ine. Mano anagweruka, msana unatuluka mafupa, kudumpha mpanda anasiya. Nyengo yozizira yapitayi, chiperoni chitakuta phiri lonse mpaka osaoneka ngakhale mitengo ya paini, aneba anadutsitsa mbale ya matemba otendera ndi mpunga. Ndinamutapira monga mwa masiku onse. Ananyambita msuzi pang'ono n'kusiya. Ndinadikira, kumzikiti kunaitanidwa, ndinadya.

M'mawa mwake sanabwere pachitseko. Ndinasesa, ndinafukiza moto, ndinakhala pakhonde. Nkhungu inali itayamba kukwera m'mwamba, matanthwe a phiri akutuluka limodzilimodzi. Ndipamene ndinamuona akuchokera kuseri kwa khitchini, akukoka miyendo yam'mbuyo. Anthu amati mphaka safera pakhomo, amakabisala kutchire kuti diso la munthu lisaone. Khonde langa lili ndi masitepe atatu. Anakwera onse, akupumira pa lililonse, ndipo ine ndinangouma pampando osatha ngakhale kumunyamula. Anafika, anaika mutu paphazi langa, anakweza maso. Kaphokoso ka m'khosi kaja kanayamba, kofooka, kodukaduka. Kanapitirira kanthawi ndithu. Kenako kanaleka, maso akadali pa ine.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinalira. Chimene chinabwera choyamba m'mutu mwanga chinali chakuti zatheka, mayi uja wadikira zaka zonsezi ndipo dzulo wathira. Kenako ndinakumbukira kuti nanenso ndinadya. Ndinakhala pompo, chona paphazi, dzanja pamimba, kumvetsera m'kati mwanga. Mwana wanga sindinamuimbire. Ndinkakonza mawu oti ndikafuulire pampanda dera lonse limve. Ndinkadziwa kulemera kwake. Mayi wogulitsa zakudya mumsika akangonenedwa kamodzi kuti amadyetsa anthu, benchi lake latha, ndipo mawu otero sabwezedwa.

Dzuwa lili pamutu chitseko cha mpanda chinatseguka. Anali aneba aja, khasu kudzanja lina, mbale yovundikira kudzanja lina. Zaka zonsezo anali asanapondepo pabwalo langa.

"Pepani achemwali," anatero. "Wapita bambo wa pakhomo pano."

"Dzulo anadya matemba anu," ndinatero ine.

Anatula khasu, anaika mbale pasitepe, anakhala pansi n'kukonza mpango wawo. Sanakwiye. Anandiyang'ana ngati mwana amene wanena za chibwana pagulu.

"Anadya. Inunso munadya, swala itaitanidwa. Ine ndinadya, adzukulu anga anadya, mphika umodzi. Kodi mumayesa sindinkadziwa? Bowo la pampanda lija limaona mbali zonse ziwiri, achemwali."

Iwo anapitiriza mosathamanga, akusisita mutu wa chona ndi chala chimodzi. Anati chaka choyamba chomwe anamuona akuyetsemula ndi tsabola wawo, ndipo kuyambira pamenepo ankayamba apatula gawo langa asanathire kambuzi mumphika. Anati mano ake atagweruka ankakhala pansi kuchotsa minga m'matemba ndi kuwafinya ndi supuni. Nthawi imene ndinkataya kudzala ankaonanso, poti nkhuku zawo n'zimene zinkanenepa.

"Ndinkaphikira awiri," anatero. "Wolawa ndi wodikira."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanalekere, munthu akukuyesa wakupha. Anati poyamba zinkawawa, ndipo mwezi wina analekadi. Koma anaona masiku awiri kukhitchini kwanga kusakutuluka utsi, ndiye anayambiranso kudutsitsa mbale. Anati komanso ankafuna kuona kuti ndidzatopa liti, koma anapeza kuti ndine wouma mutu kuposa malemu amuna awo.

Ine amene ndinkati palibe chodutsa pa Sadzi osachiona, ndinali nditaonedwa mpaka m'matumbo, ndi munthu amene ankadziwa zonse n'kumachotsabe minga.

Anakumba ndi iwo pansi pa mtengo wa mapeyala, poti ine mawondo anatha. Anati kwawo mphaka ndi nyama yoyera, sangatayidwe kudzala ngati khoswe. Ndinamukulunga m'chitenje changa chakale. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu, moti ndinadabwa kuti zonse zija zinkakhala pati. Titakwirira anatunga madzi pampopi, tinasamba m'manja, tinabwerera pakhonde.

Anavundukula mbale ija. Inali ikadali kufuka nthunzi, mpunga ndi nyemba.

"Lero ndathira kambuzi," anatero. "Wolawa palibe."

Ndinkayembekeza kuti atapa kaye iwo, adye ine ndikuona. Akanatero zikanakhala zosavuta. Sanatero. Anapinda manja pamiyendo, anatembenukira kuphiri, n'kumayang'ana amayi a nkhuni akutsika pamzere ngati kuti ine palibe. Mawu a amayi anga anali m'khutu langa omveka bwino lomwe. Kumzikiti kunali kusanaitanidwe. Paphazi langa pankamvekabe pofunda pamene panali mutu uja.

Ndinatapa. Ndinaika mpunga uja m'kamwa. Unandiwotcha lilime, tsabola anakwera m'mphuno, misozi inayamba kutsika, ndipo itayamba sinafune kuleka. Iwo sanacheuke mpaka nditafika pakati pa mbale.

Kenako ndinawauza kuti mchere wachepa. Anati zaka zonsezi ndakhala chete, lero ndiye ndapeza pakamwa. Anadzuka, anakutumula chitenje, analowa m'khitchini mwanga, mmene simunalowepo munthu wakunja chimangireni nyumbayi. Ndinkamva akutsegula zitini zanga chimodzichimodzi, akudandaula kuti nkhalamba iyi imabisa ngakhale mchere. Ndinawauza kuti ayang'ane kuseri kwa mtsuko.