Mawu a Amayi ndi Kulira kwa Manati

Ndikukumbukira kanyumba kathu ka ku College Park m'zaka za m'ma 1980, zipinda ziwiri zonunkha anyezi ndi kapeti yakale. Anzanga kusukulu abambo awo ankagwira ntchito zomveka, koma anga, omwe ankaphunzira za nyama ku yunivesite, ntchito yawo inali kumvetsera manati akulira. Manati ndi chinyama cha m'madzi a ku Florida, chonenepa ngati mvuu, koma mawu ake ndi ochititsa manyazi: tswii, tswii, ngati mbewa. Bambo ankalandira makaseti ojambulidwa pansi pa madzi, n'kumagawa kulirako m'magulu. Kwina ankati n'kwa masewera, kwina kwa mantha, kwina kwa mwana woitana make. Akasankha ankakopera pa makaseti ena, gulu lililonse yakeyake.

Amayi anali atapita ku Malawi kukaona abale, matenda n'kuwagwira konko, osabwerakonso. Maliro tinangowamvera pa foni. Chimene anatisiyira ndi kaseti imodzi yomwe anatumiza asanadwalike, yakuda, yosalembedwa kanthu. Mmenemo ankacheza, ankaseka, ankaimba nyimbo ya kutchalitchi mawu akuwathawa. Ndinkaimvera ndikaweruka kusukulu, pa wailesi ya makaseti awiri yomwe Bambo ankagwirira ntchito, poti tinali ndi imodzi yomweyo.

Loweruka lina masana, kunja kutayera mbuu ndi chipale chofewa, ndinaika kaseti ija. "Tadala mwanangu, koma ukudya?" anatero Amayi. Kenako khwe! Phokoso la madzi. Tswii. Tswii. Ndinathamangitsa tepi kutsogolo, zomwezo. Ndinatembenuza, mbali inayo zii.

Bambo anatuluka kukhitchini, mpeni wa anyezi uli m'manja. "Amayi ali kuti?" ndinakuwa m'Chingerezi, monga ndinkachitira ndikapsa mtima. Iwo anayankha m'Chichewa, motsitsa: "Ndalakwa, mwanawe. Ndimayesa ndi yopanda kanthu." Anakhala pansi pa kapeti, munthu wamkuluyo, ndipo tinamvetsera mpaka kumapeto, kuti mwina nyimbo ija yatsalako. Sinatsale.

"Ndiye limeneli ndi gulu liti?" ndinawafunsa, dala kuti ziwapweteke.

"Ndi mwana. Make anatemedwa ndi injini ya boti. Mwanayo anamujambula akuitanabe."

Ndinadana nawo nyengo yonse yozizira ija, ndipo sanadziteteze ngakhale kamodzi. Ndinazindikira nditakula kuti mawu anafafanizidwawo anali a mkazi wawonso.

Masiku ano mawu sasowa. Ana anga amafufuta mauthenga amene ndimawajambulira pa foni asanawamvere n'komwe, ati ndimatalikitsa. Sindiwakalipira. Bambo anamwalira, kaseti ndikadali nayo. Amayi akandifunsa ngati ndikudya ndimayankha kuti eya, koma sindizimitsa pomwepo. Ndimamusiya mwana wa manati uja aitane mpaka tepi ithe.