Zitsekerero za Amayi Dinah

Loweruka pa 14 Juni 2025, komiti ya zaukhondo ya pa tchalitchi china ku Chilinde inanyamula thumba la Amayi Dinah nkulitcha zinyalala. M'thumbamo munali zitsekerero za mabotolo 400, chilichonse chobooledwa pakati ndi msomali.

Amayi Dinah ndi munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene amaphunzitsa ana a mkombaphala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchicho. Satifiketi alibe. Koma anatha zaka zitatu akuwerama m'magolosale ndi m'maukwati, kutola zitsekerero, kuzitsuka, nkuzitunga pa waya khumi khumi. Mwana akakankha chimodzi chimalira kuti khwee, nambala nkukhazikika m'mutu. Ana a kwina amaimba wani, thuu, fili mpaka handiredi ngati kwaya, koma muwatume mazira anayi akubweretserani asanu ndi awiri. A kwa Amayi Dinah sasokoneza.

Lolemba ana anapeza pakona pamene pankakhala thumbalo pali mbee. Amayi Dinah anayesa nyemba, kamtsikana kena, Queen, kanalowetsa imodzi m'mphuno. Anayesa timiyala, ana anayamba kugendana. Anapita kwa Abambo Gilford, wapampando wa komitiyo.

"Tinataya kudzala, amayi," anatero Abambo Gilford. "Nyumba ya Mulungu si malo omwera."

Lachinayi pochokera kumsika, Amayi Dinah anaona azibambo ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, drafuti ili mkati. Abambo Gilford anali atatsala pang'ono kuwina. Amayiwo anatula dengu, anatola chitsekerero chimodzi pa bolodi, nkusuzumira pabowo.

"Abambo a zaukhondo, ndikukuonanitu bwinobwino."

"Aa, amayi, zitsekerero zimafanana."

"Zimafananadi. Koma kufakitale anayamba liti kubwereka msomali wanga?"

Anzawo anaseka mpaka wina kugwa pa benchi. Amayi Dinah anakokolola zonse, za pa bolodi ndi zodyedwa zomwe, namanga pa nsonga ya chitenje, masewero nkuthera pomwepo. Mawa lake ana anaziwerenga okha: mawaya awiri odzaza, zinayi zapadera. Ndiye kuti 24, za ana makumi atatu, ndipo mpaka lero akulimbirana.

Tsono Abambo Gilford, inu munafika Fomu 4, kuchotsera mumakudziwa. Drafuti yanu inkafuna 24 basi. Zitsekerero 376 zotsalazo zili kuti, ndipo mubweza tsiku liti? Yankhani.